Woyamba pa dziko lonse koma anabwerera wopanda mendulo: mndandanda wa a malupanga umayenda bwanji?

Wa pa Soko: Akuluakulu, mwaswera bwanji nonse? Ndili ndi funso la masewero a malupanga aja, fencing. Usiku ndimaonera pa YouTube mpikisano wa amuna wa lupanga la sabre wa ku Olympics ya Paris 2024. Wowulutsa ananena kuti Ziad Elsissy wa ku Egypt ndiye anali nambala wani pa dziko lonse, koma munthuyo anathera pachinayi, mendulo osaigwira. Amene anamugwetsa mu semifainolo ndi mnzake wa mu Africa momwemuno, Farès Ferjani wa ku Tunisia, yemwe pa mndandanda anali pansi pake. Ndiye unambala waniwu amaupeza bwanji? Zandivuta mutu.

Mayi a Shakira: Taswera, mwanawe. Funsoli ndi la aphunzitsi a ku Namwera, ndiwo amatsatira masewero amenewa.

Aphunzitsi a ku Namwera: Zikomo mayi. Achimwene a pa Soko, mwafunsa bwino. Mndandandawu amausunga ndi a FIE, bungwe loyendetsa masewerowa pa dziko lonse, lomwe linayamba mu 1913 ku Paris ndipo likulu lake lili ku Lausanne. Ilipo mindandanda isanu ndi umodzi ya osewera payekhapayekha, chifukwa malupanga alipo atatu, foil, épée ndi sabre, ndipo amuna ali ndi wawo, akazi wawo.

Pa sizoni imodzi lupanga lililonse limakhala ndi mipikisano isanu ya World Cup ndi itatu ya Grand Prix. Wopambana World Cup amatenga mapointi 32, wachiwiri 26, achitatu 20, ofika pa asanu ndi atatu otsiriza 14, ofika pa 16 amatenga 8, ofika pa 32 amatenga 4, ofika pa 64 amatenga 2. Ku Grand Prix mapointi omwewa amawachulukitsa ndi 1.5, choncho wopambana amanyamula 48. Ku mpikisano waukulu wa dziko lonse amachulukitsa ndi 2.5, wopambana 80. Ku Olympics amachulukitsa ndi 3, wopambana 96.

Sawerengera yonse ayi. Pa World Cup ndi Grand Prix amatenga isanu yokha imene munthu wachita bwino kwambiri, n'kuphatikiza mpikisano wa chigawo chake, monga wa Africa, ndi mpikisano wa dziko lonse kapena Olympics. Elsissy anatenga mendulo yachitatu pa mpikisano wa dziko lonse ku Milan mu 2023, pamenepo pokha 50. Mukaonjezera za ku Africa ndi zimene amatola m'mipikisano ina chaka chonse, ndi mmene anakwerera pamwamba.

Wa pa Soko: Ndiye mapointiwo amangounjikana chaka ndi chaka?

Aphunzitsi a ku Namwera: Ayi. Mpikisano womwewo ukabweranso chaka chotsatira, mapointi akale amafufutidwa, n'kulowa atsopano. Ngati chaka chatha munapambana, chaka chino n'kugwa koyambirira, mumatsika tsiku lomwelo. Ngati mwadwala osapita, akale aja amachokabe.

Amalume a ku Makawa: Aphunzitsi, ine ndamva masamu anuwo, koma mtima wanga sukuvomera. Munthu akamatchedwa woyamba pa dziko lonse, tsiku lalikulu likafika azionetsa. Akagonja kwa wa pansi pake, ndiye kuti pepala lija limanama.

Aphunzitsi a ku Namwera: Amalume, pepala silinanene kuti apambana tsiku limenelo. Linanena kuti pa miyezi khumi ndi iwiri palibe amene amafika patali kawirikawiri ngati iye. Taganizani mmene masewerowa alili. Mu ndime ya chipulula amapambana ndi amene wayamba kulasa mnzake ka 15. Ku sabre kulasa kumodzi kumachitika m'kanthawi kophethira diso, anthu awiri akuthamangirana pa bwalo lotalika mamita 14. Nyali zosonyeza kulasa zikayaka zonse ziwiri, woyimbira ndiye amagamula amene anayamba kuukira. Mukaphonya kangapo motsatizana, mutha kuona ulendo wakumudzi. Ndipo mpikisano wonse wa lupanga limodzi ku Olympics umatha tsiku limodzi.

Tsiku lomwelo Áron Szilágyi wa ku Hungary, amene anatenga golide katatu kotsatizana, London 2012, Rio 2016 ndi Tokyo, anatuluka pa masewero ake oyamba, anagonja 15 kwa 8 kwa Fares Arfa wa ku Canada. Kodi tinganene kuti magolide atatu aja anali abodza?

Amalume a ku Makawa: Amenewo sangakhale abodza, analowa m'khosi anthu akuona.

Achemwali a ku Joni: Moni kumudzi konse. Ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito. Amalume, china chimene chinamupweteka Elsissy ndi lamulo la ku Olympics. M'mipikisano ina yonse, ngakhale wa dziko lonse, ogonja mu semifainolo onse awiri amalandira mendulo yachitatu, salimbananso. Ku Olympics kokha ndi kumene amawabwezera pa bwalo kuti m'modzi atuluke chimanjamanja. Iye anagonja kwa Luigi Samele wa ku Italy. Zikanakhala ku Milan, malo omwewo akanabwera ndi mendulo.

Ferjani anakagonja mu fainolo kwa Oh Sang-uk wa ku South Korea, 15 kwa 11, n'kutenga siliva. Ine ndinalira ndi chimwemwe tsiku limenelo, anthu awiri a mu Africa mu semifainolo ya sabre.

Mayi a Shakira: Ine mbali ya amalume ndikuimvetsa, chifukwa ku ntchemberembaye tinazionapo. Mu 2018 ku Gold Coast ma Queens anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53, pamene pa mndandanda New Zealand inali pamwamba pathu. Dziko lonse linavina. Koma palibe amene anati kuyambira tsiku limenelo Malawi yaposa New Zealand. Atsikana anga ndimawauza kuti kupambana kamodzi kumakoma, koma amene amakuopa ndi amene wakuona ukupambana mobwerezabwereza.

Funso langa ndi lina. Kupatula ulemu, kukhala pamwambapo kumapindulitsa chiyani?

Aphunzitsi a ku Namwera: Apa ndiye pagona nkhani, mayi. Ku World Cup kapena Grand Prix kumabwera anthu ambiri, nthawi zina opitirira 200 pa lupanga limodzi. Anthu 16 apamwamba pa mndandanda samenya nawo za tsiku loyamba, amangolowa pa ndime ya anthu 64. Ena onse amayambira m'magulu a anthu asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri, aliyense kukumana ndi aliyense, kulasana kasanu pa mphindi zitatu. Akatuluka m'magulumo ambiri amadutsanso chipulula china kuti apeze malo pa 64 paja. Akafika, miyendo yatopa, n'kupeza wamkulu uja wapuma, ndipo kawirikawiri amene walowa movutika ndiye amaikidwa kuti akumane ndi wapamwamba.

Ndiye amene ali pamwamba, mndandanda umamuthandiza kukhalabe pamwamba. Akangopambana kamodzi ali kale pa 32, ali ndi mapointi 4. Wapansi kuti apeze 2 yekha wavutika tsiku lathunthu.

Chachiwiri ndi Olympics. Malo ambiri amagawidwa potsata mndandanda. Opita ku Paris anawerengeredwa mapointi kuyambira April 2023 mpaka kumayambiriro kwa April 2024.

Amalume a ku Makawa: Eya, tsopano mwafika pamene ndimafuna. Tandiuzani, mipikisano imeneyi imachitikira kuti?

Aphunzitsi a ku Namwera: Sizoni ya Paris ija Grand Prix ya sabre inali ku Orléans, Tunis ndi Seoul. Ya foil inali ku Turin, Washington ndi Shanghai. Ya épée inali ku Doha, Budapest ndi Cali. Za World Cup zambiri zimakhala ku Ulaya, koma Algiers ndi Cairo nazo zimalandira.

Amalume a ku Makawa: Basi ndiye nkhani yanga yatha. Mndandanda umenewu ukuyeza thumba. Kuno kunyanja usipa ukathawira pakati, amakaupeza ndi amene ali ndi boti la injini ndi mafuta. Wa bwato ngakhale akhale katswiri wodziwa madzi kuposa onse, amabwerera ndi kadengu, ndipo pa gombe anthu amati sadziwa kusodza. Mwana wa ku Italy akwera sitima ya pamtunda kupita ku Turin. Mwana wa ku Mangochi ayambe wakwera basi ya ku Blantyre kapena Lilongwe, ndege ya ku Addis Ababa kapena Nairobi, ina ya ku Ulaya, visa, malo ogona, ndipo zonsezi ndi ndalama zakunja zimene ngakhale ogulitsa mafuta akuzisowa. Achite zimenezi kasanu pa chaka kuti dzina lake lioneke?

Achemwali a ku Joni: Amalume akunena zoona, ndipo ndalama siyiyambira pa ndege. Kuno ndinapitako ku kalabu ina kumene mwana wa abwana anga amaphunzira. Zovala za mpikisano waukulu si wamba. Jekete iyenera kupirira mphamvu ya 800 N (N ndi newton, muyeso wa mphamvu), nsalu ya pakhosi pa chigoba cha kumaso 1600 N, ndipo asanayambe amayeza chilichonse. Nsonga ya épée amaiyesa ndi kachitsulo kolemera magalamu 750, ya foil magalamu 500. Lupanga likathyoka pakati pa masewero uyenera kukhala ndi lina pambali. Onjezerani mawaya ndi makina owerengera. Makolo ena amangobwera kudzafunsa mtengo n'kubwerera.

Ndipo taonani amene akutikweza a mu Africa. Elsissy anaphunzira ku Wayne State University ku Detroit. Ferjani ku St. John's University ku New York. Mohamed El-Sayed wa ku Egypt, amene anatenga mendulo yachitatu ya épée ku Paris, ku Long Island University. Inès Boubakri wa ku Tunisia, wa mendulo yachitatu ya foil ku Rio 2016, amakonzekerera ku France. Luso ndi lawo, mbendera ndi zathu za mu Africa, koma anzawo olimbana nawo tsiku ndi tsiku anakawapeza kunja.

Wa pa Soko: Ndiye kuti wa kuno alibe mwayi ngakhale pang'ono?

Aphunzitsi a ku Namwera: Musafulumire kutaya mtima, achimwene. Amalume sindikuwatsutsa pa nkhani ya thumba, koma pali zinthu ziwiri zimene sitiyenera kuzibisa.

Choyamba, pa nthawi yosankha opita ku Paris mipikisano ya zigawo zonse imapereka mapointi ofanana. Katswiri wa Africa amatenga ofanana ndi katswiri wa ku Ulaya. Anthu a ku Ulaya ambiri amadandaula ndi zimenezi, amati kuti upambane kwawo uyenera kudutsa a ku Italy, France, Hungary ndi ena, pamene ku Africa olimba ndi ochepa. Ine ndimati dandaulo lawo lili ndi mutu, koma lamulo limenelo ndi labwino. Mipikisano yambiri ili pakhomo pawo, ndiye kamodzi pa chaka wa kutali akapeza mapointi osawoloka nyanja, palibe chimene walanda.

Chachiwiri, malo a ku Olympics amagawidwanso potsata zigawo. Ku matimu, anayi oyamba pa mndandanda amalowa, kenako timu yotsogola ya chigawo chilichonse imalowa ngati ili pakati pa nambala 5 ndi 16. Umu ndi mmene analowera amuna a sabre a ku Egypt ndi akazi a sabre a ku Algeria. Kwa osewera payekha amene dziko lawo lilibe timu, Africa inali ndi malo amodzi a pa mndandanda pa lupanga lililonse, ndi ena amodzi a wopambana mpikisano wapadera womwe unachitikira ku Algiers mu April 2024. Harry Saner wa ku South Africa anadutsira khomo limeneli.

Achemwali a ku Joni: Ameneyo kuno anamulemba kwambiri m'manyuzipepala.

Amalume a ku Makawa: Nanga timu ya mu Africa ikapanda kufika pa 16 paja?

Aphunzitsi a ku Namwera: Malowo amapita kwa timu yotsatira pa mndandanda, kaya ndi ya chigawo chiti.

Amalume a ku Makawa: Mwaona? Khomo lilipo, koma kiyi wake ndi mndandanda womwewo. Ndipo malo amodzi kapena awiri ku mayiko onse a mu Africa, kuyambira Cairo mpaka Cape Town, amenewo amathera kumpoto.

Mayi a Shakira: Amathera kumpoto chifukwa anayamba kale, amalume. Alaaeldin Abouelkassem anatenga siliva wa foil ku London mu 2012, mendulo yoyamba ya Africa pa masewerowa. Patapita zaka khumi, mu 2022, Cairo inalandira mpikisano wa dziko lonse. Ana a kumeneko anaona akatswiri ndi maso awo. Zimenezi sizimera zokha.

Ine amene amandikhudza ndi Nada Hafez wa ku Egypt. Anakasewera ku Paris ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri, n'kugonjetsa Elizabeth Tartakovsky wa ku America 15 kwa 13, asanagonje kwa Jeon Ha-young wa ku South Korea. Aphunzitsi, ndikaganiza za lamulo lanu lija lakuti mapointi amafufutika pakatha chaka, ndimaona kuti mkazi ali ndi katundu wina. Miyezi ya pakati ndi yoyamwitsa imadya sizoni yonse. Kuno kwathu ndataya atsikana abwino ambiri pa timu chifukwa cha mabanja, ena asanamalize n'komwe Fomu 2, ndiye ndikaona mayi woyembekezera atagwira lupanga pamaso pa dziko lonse, ndimafuna mtsikana aliyense wa ku Mpondasi aone.

Achemwali a ku Joni: Mayi, muwaonetsenso Alexandra Ndolo. Anabadwira ku Germany, bambo ake ndi a ku Kenya. Mu 2022 ku Cairo anatenga siliva wa épée wa dziko lonse akuyimira Germany, kenako anasankha kuyimira Kenya. Mu 2023 anakhala katswiri wa Africa, ndipo ku Paris anali munthu woyamba wa ku Kenya kusewera masewerowa ku Olympics. Anasiya dziko lokhala ndi zonse zokonzeka kale n'kupita kumene masewerowa akungoyamba kumene.

Wa pa Soko: Koma pali amene anapambanapo golide ali pansi kwenikweni pa mndandanda?

Aphunzitsi a ku Namwera: Alipo. Romain Cannone wa ku France anapita ku Tokyo ali nambala 47 pa épée. Mu fainolo anakumana ndi Gergely Siklósi wa ku Hungary, nambala wani, n'kumugonjetsa 15 kwa 10. Épée ndiye lupanga lodabwitsa anthu kawirikawiri, chifukwa thupi lonse limawerengedwa, kuyambira chigoba mpaka chala cha kuphazi, ndipo onse awiri akalasana nthawi imodzi onse amalandira. Munthu wodekha akatsogola pang'ono amatha kumangosinthana nawe mpaka masewero atha.

Koma musaiwale mbali inayo. Vivian Kong wa ku Hong Kong anafika ku Paris ali nambala wani pa épée ya akazi, ndipo golide anamutengadi. Valentina Vezzali wa ku Italy anamaliza sizoni ali pamwamba pa foil ka 11, ndipo ali ndi magolide asanu ndi limodzi a ku Olympics. Munthu ngati ameneyo pepala ndi bwalo zimanena chimodzimodzi. Ndi chifukwa chake ine sindingautaye mndandanda. Wotsogola akamaliza mpikisano waukulu wotseka sizoni amalengezedwa kuti ndiye wopambana wa chaka chimenecho, ndipo kwa ine ulemu umenewo ndi wolemera. Wayenda makontinenti, wasewera atatopa, atavulala, ndipo sanagwe.

Amalume a ku Makawa: Wayenda makontinenti chifukwa wina wamulipirira.

Aphunzitsi a ku Namwera: Inde, koma olipiriridwa ndi mazana, woyamba ndi mmodzi.

Achemwali a ku Joni: Palinso zina zimene zimadula mapointi osati thumba kapena luso. Ku Milan mu 2023 Olga Kharlan wa ku Ukraine anagonjetsa Anna Smirnova wa ku Russia, koma anakana kumugwira chanza chifukwa cha nkhondo, anangomutambasulira lupanga. Anamuchotsa mu mpikisano, ndipo umenewo unali mpikisano wa mapointi ochuluka kwambiri pa ulendo wa ku Paris. Thomas Bach, amene amatsogolera IOC, bungwe loyendetsa Olympics, nthawi imeneyo, yemwenso anatenga golide wa foil wa timu ku Montreal mu 1976, anamulembera kalata yomutsimikizira malo. Ku Paris Kharlan anatenga mendulo yachitatu payekha ndi golide ndi timu yake.

Woyang'anira gulu: Abale, nkhani ya nkhondo tiyeni ithere pomwepo, titsate za masewero.

Mayi a Shakira: Zikomo bambo. Ine ndibwerere kwa mwana wa pa Soko, chifukwa ndikumva kuti funso lake si la Elsissy yekha. Mwanawe, ukufuna kusewera?

Wa pa Soko: Ndikufuna, mayi. Ndili Fomu 3. Ndikamaonera ndimayesera mayendedwe a miyendo aja kuseri kwa nyumba.

Aphunzitsi a ku Namwera: Ndiye mvera. Mndandanda wa akuluakulu uusiye kaye, uli kutali. Chimene ungayambe lero popanda tambala ndi miyendo: kaimidwe, kupita kutsogolo, kubwerera, kudumphira mdani n'kubwerera pamalo msanga. Jambula mizere iwiri pansi, mamita 14. Koma ndikukupempha ndi mtima wonse, usatenge waya, nthiti ya ambulera kapena ndodo yosongoka n'kumalasana ndi anzako popanda chigoba cha kumaso. Diso silibwerera. Ku makalabu ana amayamba ndi malupanga a pulasitiki kapena a siponji, ndipo amavalabe chigoba.

Njira zolowera zilipo ngakhale kwa mayiko ang'onoang'ono. Areneo David anapita ku Rio 2016 ndi ku Tokyo pa masewero a uta ndi mivi kudzera pa malo oitanidwa, masewero amene anthu ambiri kuno samawaganizira. Ku Dakar kuli sukulu yophunzitsa aphunzitsi a malupanga ochokera m'mayiko a mu Africa. Kuti dzina la munthu lilowe pa mndandanda wa FIE pamafunika chiphaso chodzera ku bungwe la dziko lake, ndiye ntchito yoyamba si ya iwe wekha, ndi ya ife akuluakulu: mphunzitsi mmodzi wophunzitsidwa bwino, zigoba zingapo, ndi holo.

Amalume a ku Makawa: Apo ndiye ndagwirizana nanu. Koma mwanayu adziwe zoona zake, kuti akadzafika pa msinkhu wofuna mapointi, adzafunika munthu wa ndalama kumbuyo kwake. Tisamulonjeze zimene sitingathe.

Achemwali a ku Joni: Ine ndifunsa ku kalabu kuja ngati ali ndi zigoba ndi malupanga a pulasitiki amene ana awo anawasiya. Akandipatsa nditumiza pa galimoto za katundu zobwera kumudzi. Sindikulonjeza, koma kufunsa ndifunsa sabata ino.

Mayi a Shakira: Zikabwera, atsikana anga akhale nawo. Miyendo ya ntchemberembaye ndi yopepuka kale. Aphunzitsi, kodi Loweruka mungatsike ku Boma mudzationetse masewero a Ferjani ndi a Hafez, n'kutifotokozera zimene woyimbira akugamula? Ine ku sabre nyali zikayaka ziwiri ndimasokonezeka.

Aphunzitsi a ku Namwera: Nditsika, mayi, ndi galimoto ya m'mawa. Ndidzayamba ndi épée chifukwa ndi yosavuta kutsatira, nyali ikayaka basi walasa, kenako sabre. Ndibwera ndi laputopu, mavidiyo ndiwatsitsiratu kuno kuopa netiweki. Wina apeze chipinda chokhala ndi magetsi, ndipo mwana wa pa Soko abwere ndi choko ndi tepi yoyezera.